Mafilimu a makauboyi ndi eni masitolo: ankadyerana bwanji ku America?

NaBanda:
Moni nonse pagulu pano. Loweruka lapitali ndinanyamuka m'mamawa kuno ku Wichita, m'dera la Kansas ku America, ndi anzanga awiri a kuntchito, ulendo wa ku Dodge City. Ndi makilomita pafupifupi 250 chakumadzulo, msewu wongoti tasa, uku ndi uku minda ya tirigu ndi nkhokwe zazitali za konkire. Usanalowe m'tauni limayamba kukulonjera ndi fungo la ndowe, poti kuli makola akuluakulu onenepetsera ng'ombe ndi mafakitale a nyama. Tinalowa ku nyumba ya zakale ya Boot Hill Museum komwe kuli mzere wa masitolo a matabwa wofanizira Front Street, msewu waukulu wa tauniyi m'ma 1870. Mzerewo si wakale weniweni, anaumanga mu 1958 kuti alendo azikhala ndi choona.

Chimene chandikhala pamtima ndi nkhani ya pa 1 Epulo 1939. Kampani ya Warner Bros. inali itapanga filimu yotchedwa Dodge City, ya Errol Flynn ndi Olivia de Havilland. Filimuyo anaijambula ku California, koma poionetsa koyamba anaibweretsa ku Dodge City komweko. Anachita hayala sitima yapadera ya kampani ya Santa Fe, n'kukwezamo akatswiri a mafilimu ndi atolankhani kuchokera ku Hollywood. M'tauni munali perete wa akavalo ndi ngolo, masewera a ng'ombe, ndipo nyumba zitatu za kanema, Dodge, Crown ndi Cozy, zinaonetsa filimu imodzi yomweyo mobwerezabwereza mpaka usiku. Alendo anachuluka kangapo kuposa eni tauni.

Funso langa ndi ili: m'zonsezi, mwini sitolo wa pa Dodge City anapezamo chiyani? Kapena anangogwiritsidwa ntchito?

Bambo a Yamikani:
Achemwali, mwafunsa funso la ife a magolosale. Ine ndisanamve zambiri ndinena kale kuti wopindula anali mwini filimu. Mlendo wa tsiku limodzi amagula chakumwa ndi buledi, mawa wapita. Amene wasesa msewu, wapenta khonde, walemba anyamata aganyu, ndi mwini sitolo.

NaBanda:
Mwina n'zoona achimwene, koma muganizirenso nthawi yake. Kumwera chakumadzulo kwa Kansas kunali kutapsa ndi chilala cha m'ma 1930. Pa 14 Epulo 1935 kunadza chimphepo cha fumbi chimene chinadetsa kunja masanasana ngati usiku, ndipo Dodge City inali m'njira yake. Alimi ambiri anathawa minda. Mu 1930 tauniyi inali ndi anthu opitirira pang'ono 10,000, pofika 1940 anali osakwana 9,000. Ndiye taganizani sitolo imene yakhala zaka ikukongoza shuga kwa alimi opanda chokolola, lero mwadzidzidzi msewu wadzaza anthu a ndalama m'manja, mahotela adzaza, malo odyera chakudya chikutha. Si a Warner Bros. okha amene anafuna zimenezi. Eni dera la Kansas anachita kupempha okha kuti filimuyo idzayambire kwawo.

Chimwemwe wa ku Area 25:
Ndilowererepo pang'ono, poti zotsatsa malonda ndiye ntchito imene ndimadyera. Za ku Dodge City zinali zikuluzikulu, za kamodzi pa moyo. Koma ntchito yeniyeni inkachitika sabata ndi sabata m'matauni ang'onoang'ono komwe katswiri wa filimu sanapondeko n'komwe. Filimu iliyonse inkabwera ndi kabuku kotchedwa pressbook, kopita kwa manejala wa nyumba ya kanema. M'katimo munkakhala zithunzi za mapositala oti aode, nkhani zolembalemba kale zoti akapereke kunyuzipepala, ndi masamba a malangizo: chita chakuti, kambirana ndi wakuti.

Kwa filimu ya makauboyi malangizowo ankakhala otere. Pezani mnyamata wodziwa kukwera kavalo, mumuveke chipewa chachikulu ndi mpango wa m'khosi, azizungulira m'tauni atapachika nsalu yolembapo dzina la filimu. Bwerekani ngolo yakale kwa mlimi muiimike pakhomo pa kanema. Sindikizani timapepala tokhala ngati ta apolisi tofunafuna chigawenga, koma nkhope ili ya chigawenga cha m'filimumo, mukhome pamitengo. Kambiranani ndi nyuzipepala isindikize chithunzi chopanda utoto, ana apikisane kuchikongoletsa, opambana alowe ulere. Ndipo kenako pitani kwa ogulitsa zipewa, nsapato za jombo ndi zishalo za akavalo, mupemphe windo lawo.

Mamanejala ankajambula zimene achita n'kutumiza ku magazini ya Motion Picture Herald, imene inali ndi gawo lawolawo lotchedwa Managers' Round Table. Kuyambira 1934 ankapereka ndi mphotho kwa wotsatsa mwaluso. Wa ku tauni ina akaona kuti mnzake zamuyendera, naye ankatengera.

Kondwani wa vidiyo:
Eee, ndiye kuti zimene ndimachita ine ndi choko pabolodi anzathu anazipitirira kalekale. Achimwene a Chimwemwe, za windozo tafotokozani bwino. Mwini sitolo ankalipidwa?

Chimwemwe wa ku Area 25:
Kawirikawiri ndalama sinkatuluka ayi. Panali kapositala ka katoni kolimba, mainchesi 14 m'lifupi ndi 22 m'litali, kopangidwira windo basi. Kumtunda kwake ankasiya malo oyera, kuti manejala adindepo kapena alembepo dzina la nyumba yake ya kanema ndi masiku oonetsera. Ndiye mnyamata wa pakhomo ankanyamula mulu wa makatoniwa m'khwapa, n'kuyamba khomo ndi khomo: kometera, kogulitsa mankhwala, kophikira buledi, kokonzera nsapato. Akavomera, ankaimika katoniyo pawindo n'kusiya tikiti yaulere imodzi kapena ziwiri. Malipiro ake anali amenewo.

Njira ina inali ya tsamba lathunthu la nyuzipepala. Pakati pankakhala chithunzi cha filimu, m'mbalimbali timalonda ta masitolo mwina asanu ndi atatu, aliyense akulipira kadera kake n'kumangirira malonda ake ku filimuyo. Wa kanema ankapeza tsamba lonse pamtengo wa kachigawo, nyuzipepala inkagulitsa malo amene akanakhala opanda kanthu.

Bambo a Yamikani:
Mwamva? Tikiti ziwiri. Windo la sitolo ndi munda, abale. Pamene ndaika positala ya wina, pamenepo sindinaikepo sopo wanga. Munthu akaima kuyang'ana kauboyi, akuyang'ana malonda a mnzanga, si anga.

Chimwemwe wa ku Area 25:
Koma waima pakhomo panu, bambo. Chovuta kwambiri pamalonda n'kuimitsa munthu amene akudutsa. Akaima, theka la ntchito latha. Ndipo wogulitsa zipewa sankaika katoni yokha, ankayala zipewa zake mozungulira chithunzicho, mtengo uli pomwepo.

Bambo a Yamikani:
Wa zipewa ndamumva. Nanga wa kometera?

NaBanda:
Wa kometera ndiye anaona zakuda ku Omaha chaka chomwecho! Aphunzitsi aMwale, nkhani ija munandiuza ija ifotokozeni nokha.

Aphunzitsi aMwale:
Zikomo aNaBanda. Patangotha milungu inayi chichitikire za ku Dodge City, mzinda wa Omaha ku Nebraska udachita zoposa pamenepo. Cecil B. DeMille adapanga filimu ya Union Pacific, ya Barbara Stanwyck ndi Joel McCrea, yosimba za kumanga njanji yodutsa dziko lonse la America. Njanjiyo idalumikizidwa pa 10 Meyi 1869 ku Promontory, m'dera la Utah, pomwe adakhoma msomali wa golide. Mu 1939 zidali zitakwana zaka 70, ndipo likulu la kampani ya njanji ya Union Pacific lili ku Omaha komweko. Choncho kampani ya filimu ya Paramount, kampani ya njanji ndi amalonda a mumzinda adagwirizana kuchita chikondwerero cha masiku anayi, kuyambira pa 26 mpaka 29 Epulo, chotchedwa Golden Spike Days. Filimuyo idayamba kuonetsedwa pa 28, m'nyumba zitatu nthawi imodzi: Omaha, Orpheum ndi Paramount.

Chodabwitsa n'chakuti anthu wamba ndi amene adasanduka chotsatsira. Amuna adayamba kusunga ndevu kudakali milungu ingapo, kuti aoneke ngati a mu 1869. Amayi adasoketsa madiresi aatali a makedzana ndi zipewa zophimba dzuwa. Masitolo a mumzinda adakhomera matabwa kumaso kuti aoneke ngati a tauni ya m'chipululu. Pulezidenti Franklin Roosevelt adadina kabatani ka telegalafu ali ku Washington potsegulira mwambowo. Akuti kudafika anthu pafupifupi 250,000, pamene mzinda wonsewo udali ndi anthu ochepera pamenepo.

Tsono aYamikani, taonani bwino. Ndani adagulitsa nsalu za madiresi onsewo? Ndani adagulitsa zipewa, matabwa, misomali, utoto? Apa mwini sitolo sadangolandira tikiti ziwiri. Adalenga chosowa chimene dzulo lake kudalibe, ndipo anthu adagula mwa kufuna kwawo.

Bambo a Yamikani:
Apa ndiye mwandigwira, aphunzitsi. Wa nsalu anadya bwino, sindikana. Koma onani kuti ku Omaha amalonda anali nawo pokonza kuyambira pachiyambi, anali ndi mawu. Uyu wa katoni pawindo ankangouzidwa. Pali kusiyana pakati pa kuitanidwa kumphika ndi kupatsidwa mkute.

Mayi a Tadala:
Ine ndakhala ndikuwerenga chete, koma pali mbali imene simunaikhudze, ndiyo ana. Mafilimu ambiri a makauboyi sanali aakulu ngati awa mukutchulawa. Anali aafupi, a ola limodzi, opangidwa mwachangu ndi makampani ngati Republic ndi Monogram, oonetsedwa Loweruka masana pamtengo wa masenti 10. Ankadzaza m'maholomo ndi ana. Ndiye amalonda atazindikira zimenezo, analowera kwa mwana kuti afike m'thumba la mayi. Nkhani ya kauboyi wotchedwa The Lone Ranger inayamba pa wayilesi ya WXYZ ku Detroit mu 1933, ndipo wolipirira wake woyamba wamkulu anali wophika buledi wa Silvercup. Kavalo wa mkuluyo dzina lake Silver, buledi Silvercup. Anayambitsa ndi kalabu ya ana, mwana kuti alowe ankakatenga khadi kugolosale. Pofika 1938, pamene Republic inapanga filimu yake ya zigawo 15, chigawo chimodzi sabata iliyonse, mwana anali womangidwa kale mbali zonse: wayilesi, kanema ndi buledi wa pa tebulo. Mayi amene alibe ndalama ya buledi ameneyo amuuza chiyani mwana? Ine monga kholo zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndimaziona lero ndi mafoni.

Chimwemwe wa ku Area 25:
Mayi, simunaname. Ndipo chimake chinafika ndi Hopalong Cassidy. William Boyd anasewera kauboyi ameneyu m'mafilimu 66 kuyambira 1935 mpaka 1948. Anthu atayamba kutopa nawo, iye anagulitsa katundu wake, ndi famu yomwe, n'kugula umwini wa mafilimu akalewo ndi dzinalo. Ambiri ankamuona ngati wataya ndalama m'madzi. Mu 1949 NBC inayamba kuwaonetsa pa wayilesi ya kanema, ndipo zinaphulika. Nkhope yake inafika pa buledi wa Bond, pa mabotolo a mkaka, pa njinga, pa zovala. Mu 1950 kampani ya Aladdin ya ku Nashville inamata chithunzi chake pa kabokosi kachitsulo konyamuliramo chakudya cha kusukulu. Ankagulitsa mabokosi pafupifupi 50,000 pachaka, chaka chimenecho anagulitsa 600,000. Bokosi lomwelo, chitsulo chomwecho, chasintha n'chithunzi chokha.

Mayi a Tadala:
Ndiye mukutsimikizira mawu anga. Mabokosi 600,000 amenewo ndi makolo 600,000 amene anaumirizidwa ndi misozi ya mwana.

Chimwemwe wa ku Area 25:
Ena mwa iwo inde. Koma ndikupatseni mbali inayo. Ku Kenton, katauni ka ku Ohio, kunali fakitale ya zidole zachitsulo, Kenton Hardware, imene inatsala pang'ono kugwa ndi umphawi wa m'ma 1930. Chimene chinaidzutsa ndi kamfuti kachidole kolembedwa dzina la Gene Autry, katswiri wa mafilimu a makauboyi. Anthu anabwerera pantchito, ndipo mu 1938 Autry mwiniyo anapita kukaona fakitaleyo. Tauniyo idakamukumbukirabe mpaka lero. Amene ankaumba timfutito nawonso anali makolo, mayi, ndipo ana awo anadya chifukwa cha chidolecho.

Mayi a Tadala:
Ndamva, koma mtima wanga sunakhazikike. Kuti banja lina lidye, tinaphunzitsa ana a dziko lonse kulozana mfuti.

Agogo aJere:
Ana anga, ndiloleni ndiyankhulepo, ndikulemba pang'onopang'ono poti maso adafooka. Ine ndidabadwira ku Luanshya, ku Zambia, bambo anga adachoka kwathu ku Nyasaland kukagwira ntchito pamgodi wa Roan Antelope. Bayisikopo tinkaonera kukomboni, panja, usiku, a mgodi ndiwo ankabweretsa. Tinkakhala pansi pafumbi, akuluakulu kumbuyo. Kauboyi aliyense ife tinkamutcha Jeke. Kaya ndi Roy Rogers, kaya ndi wina, kwa ife adali Jeke basi. Chizungu chawo sitinkachimva, ndiponso filimu inkafika itadulidwadulidwa ndi aboma, nkhani yosalumikizika. Koma Jeke akangokwera kavalo, bwalo lonse linkaimirira, mfuu, malikhweru, ena kuponya zibakera m'malere.

Tsono pa zimene mukukambazi. Kwathu kudalibe windo la sitolo, kudalibe buledi wa chithunzi, kudalibe bokosi lachitsulo. Palibe adatigulitsa kanthu. Koma m'mawa mwake mukadaona anyamata. Mfuti tinkasema tokha pa thabwa la kireti, m'chimake mwake tinkasoka ndi chikopa cha nsapato yakutha, chipewa cha katoni ya sopo tinkachipinda m'mbali n'kuchinyowetsa kuti chiume chokhota. Mkulu wanga adadula thalauza lakale la bambo n'kulichekacheka m'mphepete kuti likhale ndi mphonje, adakwapulidwa tsiku limenelo. Ndiye mayi a Tadala, amalonda ali ndi mlandu wao, koma moto udali mufilimu mwenimwenimo. Iwo adangoona pamene pakufuka n'kuikapo mphika.

Mayi a Tadala:
Zikomo agogo, mwanditsegula maso pena. Koma inu munapanga ndi manja anu, munaphunzirapo luso. Mwana wa ku Detroit anangophunzira kupempha.

Agogo aJere:
Nzoona mwana wanga. Koma tikadaona kamfuti kachitsulo kaja m'sitolo, nafenso tikadalira. Sitidali anzeru kuposa iwo, tidali osauka chabe.

NaBanda:
Agogo, za Roy Rogers mwatchulazo zandikumbutsa. Iye anali wochenjera pa mapangano: kuyambira 1940 anasunga yekha umwini wa dzina lake ndi nkhope yake pa malonda, osati kampani ya filimu. Ndipo chotsatsira chake chachikulu anali kavalo wake Trigger. Mu 1954 atapita ku Britain, anakwera naye masitepe a m'kati mwa hotela ya Caledonian ku Edinburgh, ana ali khamu panja. Manyuzipepala onse anajambula. Hotela inatchuka, chionetsero chinadzaza, palibe analipira tsamba la malonda.

Aphunzitsi aMwale:
Pali chinthu china chimene sindingakhale chete, poti takamba za anthu kusanduka chotsatsira. A ku Omaha adasunga ndevu mwa kufuna kwawo. Koma mu 1923, Paramount itapanga The Covered Wagon, filimu ya azungu osamukira kumadzulo pa ngolo, adatenga eni dziko a America, anthu a mtundu wa Arapaho a ku Wind River, m'dera la Wyoming, kuti azikaima pa nsanja filimu isanayambe. Adawatsogolera ndi Tim McCoy, amene ankadziwa chilankhulo cha manja cha mitundu ya kuzigwa, ndipo pambuyo pake iyenso adakhala katswiri wa mafilimu a makauboyi. Adaima ku Egyptian Theatre ya Sid Grauman ku Hollywood kwa miyezi, kenaka adawoloka nawo nyanja mpaka ku London Pavilion.

Taganizani. Nkhalamba imene idaona ndi maso ake dziko la makolo ake likulandidwa, njati zikutha, lero yavala nthenga zake za ulemu, yaima kutsogolo kwa azungu olipira tikiti, kuitanira filimu yotamanda ngolo zomwe zija zidabwera kudzalanda. Adalipidwa, inde, ndipo kumalo kumene boma lidawaunjika kudali njala, choncho sindiwaweruza. Koma ndikamva mawu akuti mgwirizano wa malonda, ndimafunsa kuti mwa ogwirizanawo ndani akadatha kukana. Wa nsalu wa ku Omaha akadatha. Awa ayi.

Agogo aJere:
Aphunzitsi, mwandilasa. Ife ku Luanshya tinkaombera m'manja Jeke akamawombera anthu amenewo. Tinkawatcha adani. Ndidazindikira nditakula kuti pabwalo paja, ofanana ndi ife sadali Jeke.

NaBanda:
Ndipo ku Dodge City komweko, agogo, chuma choyamba cha tauniyo chinali zikopa za njati. Njanji ya Santa Fe itafika mu 1872, zikopa zinkakwezedwa m'mabogi miyandamiyanda, ng'ombe za ku Texas zinabwera pambuyo. Njati zimenezo ndiye zinali chakudya, zovala ndi nyumba za eni dziko. Ndili m'nyumba ya zakale ija ndinaima nthawi yaitali pa chikopa chimodzi, ubweya wake wokhuthala mpaka chala kubisika.

Bambo a Yamikani:
Nkhani yalemera tsopano. Komabe ndibwerere kumbali yanga, poti ndili ndi chitsanzo chimene chimandiopsa. Mu 1955 kunabuka misala ya Davy Crockett, nkhani ya kampani ya Disney, Fess Parker ndiye ankasewera. Inayambira pa wayilesi ya kanema kumapeto kwa 1954, kenako anaiphatikiza kukhala filimu. Mwana aliyense ankafuna chipewa cha chikopa chokhala ndi mchira kumbuyo. Mtengo wa zikopa unakwera kangapo, masitolo anaoda zipewa, malaya, timfuti, mpaka mashelefu kudzaza. Chaka chisanathe ana anatembenuka, osafunanso. Disney ndalama yake inali italowa kale. Katundu anatsalira ndani? Mwini sitolo. Ine zoterezi zinandionekerapo ndi malaya a mpira: ndinapikula mabelo awiri timu ina ikuchita bwino, itagonja ndinagulitsa mokhomola, mpamba unabwerera theka. Choncho ndikamva kuti tigwirizane, choyamba ndimafunsa kuti zikavuta katundu abwerera kwa yani.

Chimwemwe wa ku Area 25:
Apa palibe chotsutsa, bambo. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti katoni ya pawindo ija, ngakhale mukuinyoza, inali yabwino kwa wamalonda wamng'ono kuposa zipewa za Crockett. Sanaikepo mpamba. Filimu ikachoka Lachitatu, katoni ichoka, windo libwerera mwakale. Amene ankasenza chiopsezo anali manejala wa kanema: filimu zikuluzikulu ankalipira pa peresenti ya matikiti, zing'onozing'ono pamtengo wokhazikika, kaya anthu abwere kaya asabwere. N'chifukwa chake ankayenda khomo ndi khomo. Sikuti ankakonda perete, ankaopa mipando yopanda anthu.

Kondwani wa vidiyo:
Mipando yopanda anthu ndiye ndikuidziwa ine. Chibwerereni mafoni ndi mamemore khadi, mabenchi anga amadzaza tsiku la mpira lokha. Chaka chatha ndinayesako zonga zimenezi osadziwa kuti zili ndi mbiri. Ndinagwirizana ndi mwini golosale ina pamsika pathu kuti ndiike positala pakhomo pake, ana ake awiri azilowa ulere. Ana analowa mwezi wathunthu. Tsiku lina ndikudutsa ndinapeza positala ija ili kuseri kwa matumba a ufa, ikungooneka kangodya. Ndinangoitenga mwakachetechete, sindinafune mkangano.

Bambo a Yamikani:
Pepani achimwene, ameneyo anakulakwirani. Koma ndikuuzeni chifukwa chake: sanaonepo phindu lake la iye mwini. Ana kulowa ulere ndi phindu la ana. Mukanamuuza kuti aliyense wogula buledi Loweruka m'mawa alandire kapepala kochotsera theka la mtengo wa pakhomo panu, akanaiika positalayo pamwamba pa kauntala ndi manja ake, chifukwa ikumugulitsira buledi.

Kondwani wa vidiyo:
Theka ndi lambiri bambo, magetsi ndi jenereta zikudya.

Bambo a Yamikani:
Benchi yopanda munthu ikukupatsani zingati? Ikani malire, mapepala makumi awiri okha, mudinde chidindo chanu kuti asakopere. Ndipo muwerenge obwera nawo, poti mwana sabwera yekha.

Mayi a Tadala:
Ngati mukuchitadi zimenezo aKondwani, chonde ikhale filimu yoti mwana aonere, ndipo ikhale masana. Musaitanire ana ndi buledi kenako n'kuwaonetsa zoopsa. Ndipo nthawi ya sukulu ayi.

Kondwani wa vidiyo:
Loweruka 2 koloko, mayi, ndalonjeza. Ndili ndi mafilimu awiri akale a makauboyi omasuliridwa m'Chichewa, anthu akuluakulu amawafunsa kawirikawiri. Kavalo kwathu kulibe, koma pali mkulu wina ali ndi ngolo ya abulu, amatuta njerwa. Ndimupempha azungulire msika m'mawa, bolodi langa lili pangolopo, mphwanga atavala chipewa cha mlaza chopinda m'mbali monga afotokozera agogo.

Agogo aJere:
Mpango wofiira wa m'khosi musaiwale, mfundo yake ikhale kumbuyo. Ndipo akamadzalowa aja ovala nthenga, wina aime awauze anawo kuti dziko lidali lao. Ife padalibe wotiuza.

Aphunzitsi aMwale:
Ndikulemberani mawu ochepa oti muwerenge filimu isanayambe, aKondwani, osapitirira mphindi ziwiri. Mundiuze dzina la filimuyo ndione kaye kuti ndi anthu a mtundu uti akuonekamo, Arapaho, Cheyenne kapena Apache, kuti tiwatchule ndi dzina lawo.

NaBanda:
Mujambule ngoloyo mutitumizire pano. Ine ndibwereranso ku Dodge City kumapeto kwa Julaye, nthawi ya chikondwerero chawo cha pachaka cha Dodge City Days, ndikaone ngati masitolo a pa Wyatt Earp Boulevard adakakongoletsabe mawindo.

Kondwani wa vidiyo:
Ndatumiza dzina ku inbox kwanu aphunzitsi. Bambo a Yamikani, kapepala kaja ndilembepo chiyani kuti wa golosale asadzakane kuti sitinapangane?

Bambo a Yamikani:
Tsiku, mtengo, chiwerengero cha mapepala, ndi malo enieni amene positala ikhale. Musaine nonse awiri, aliyense asunge lake. Ndipo mupite kwa wina, osati uja wa matumba a ufa.